Msana inde, mimba ndi akatumba ayi

Pa ntchito yanga ya mafizo, funso limene amayi oyembekezera amandinong'oneza kawirikawiri ndi lakuti, "Kodi nditatikitidwa msanawu, mwana sangavulale?" Ayi, savulala. Mimba ikamakula, mfundo za m'chiuno zimafewa, katundu amakokera kutsogolo, ndiye msana umalira. Kutikita mapewa, khosi ndi m'chiuno mofatsa kumachepetsa ululuwo, tulo n'kubwera. Nkhani yagona pa malo ndi nthawi.

Ambiri a ife timadikira masabata 12 oyambirira adutse. Palibe umboni wakuti kusisita msana kumachotsa pathupi, koma amayi ambiri amene amapita padera zimawachitikira m'nyengo imeneyi, komanso fungo la mafuta otikitira limangowonjezera nseru.

Masabata 20 akakwana, kugona chagada nthawi yaitali kulekeke. Chiberekero chimatsamira mtsempha waukulu wobwezera magazi kumtima, mayi n'kuyamba chizungulire ndi thukuta. Ine ndimagoneka mayi chammbali, makamaka kumanzere, pilo pakati pa mawondo, wina kunsi kwa mimba. Kunyumba bambo angathe kumugoneka chimodzimodzi n'kumutikita ndi chikhatho, osati chigongono.

Pamene ndimaumirira kwambiri ndi pa miyendo. Magazi a mayi woyembekezera sachedwa kuundana, ndipo chiopsezochi chimakula m'masabata 6 oyambirira mayi akachira. Magazi oundanawo amakonda kubisala m'mitsempha ya mkati mwa mwendo. Mukakanya katumba mwamphamvu ngati ufa wa mandasi, chibuma chingathothoke, kuyenda ndi magazi mpaka kukatseka m'mapapo, munthu n'kutisiya tikuona. Choncho mwendo umodzi ukatupa, kutentha ndi kupweteka, musaukhudze; thamangirani kuchipatala. N'chimodzimodzi nkhope ndi manja zikatupa, mutu ukuwawa, m'maso muli chimbuuzi. Kumeneko kungakhale kuthamanga kwa magazi, ndipo BP ikafika 140/90 mafuta alibepo ntchito.

Mimba nayo si yofinya. Ndikudziwa kuti kumudzi alipo amene amati amatha kutembenuza mwana wokhala mopingasa. Ndimawalemekeza pa zambiri, koma apa ayi: nsengwa ingamatuke nthawi isanakwane, magazi n'kutayikira mkati. Kuchipatala ntchitoyi imachitika cha m'masabata 36 kapena 37, atajambula kaye, akumvetsera mtima wa mwana.

Mwana akabadwa ndipo nsengwa ikatuluka, mzamba amasisita pamimba kuti chiberekero chilimbe, magazi asataike ambiri. Zimawawa, koma musamukankhe dzanja. Amene wachira bwinobwino angatikitidwe mapewa ndi msana patangopita masiku ochepa, poti kuyamwitsa kumaumitsa khosi. Wa opaleshoni adikire pafupifupi masabata 6, bala lipole, adokotala alione, kenako tiyambe kufewetsa chipsera pang'onopang'ono ndi nsonga za zala.

Kwa apongozi ndi azakhali othowa mayi m'chikuta: madzi akhale ofunda, oti chigongono chanu chingapirire, ndipo nsalu yothowera isafike pabala kapena pamene anasoka. Inu amayi, musanagone pamphasa kuti wina akutikiteni, kafunseni kaye kusikelo, makamaka ngati munataya magazi kapena BP yanu inakwerapo.