Wolemba ntchito amagogoda mphika

Mphwanga anandifunsa dzana, nkhope ili yakugwa: "Achimwene, MSCE ndinakhoza bwino, dipuloma ndili nayo. Nanga bwanji ntchito ija anapatsa mnzanga wa mapepala ochepa?"

Inenso kale ndinkaganiza kuti ntchito imapita kwa wa mapepala ambiri. Maso anga anatseguka tsiku limene ndinakhala nawo pagulu lofunsa anthu ofuna ntchito.

Wolemba ntchito ali ngati mayi wogula mphika wadothi pamsika. Amayamba waona maonekedwe ake, ndipo maonekedwewo ndiwo satifiketi yanu: imangochititsa kuti akunyamuleni m'manja. Kenako amaugogoda ndi chala kuti amve ngati uli ndi mng'alu. Mafunso a pa intavyu ndiko kugogodako.

Tsikulo mtsikana wina anafika nthawi isanakwane. Titamufunsa za pulogalamu ina ya pakompyuta, anayankha kuti sanaigwiritsepo ntchito, koma anafotokoza mmene anaphunzirira ina yofanana nayo payekha. Apo tinamva zinthu zitatu: amasunga nthawi, sanama, ndipo ndi wophunzitsika.

Pambuyo pake kunalowa bambo wa mapepala odzaza envelopu. Theka la nthawi yake anathera kunyoza abwana ake akale ndi anzake akuntchito. Tinangoyang'anana, poti mawa onyozedwawo tidzakhala ife. Mng'alu unamveka.

Luso la ntchito angakuphunzitseni m'miyezi yochepa, koma khalidwe mumabwera nalo kuchokera kwanu. Ndinamuuza mphwangayo kuti mapepala asunge bwino, koma akonzekere kugogodedwa.