Mchere Wouma Koma Wosunga Madzi: Mafunso ndi Mayankho

Kodi mchere wouma ungakhale ndi madzi?

Inde. Copper sulphate, timiyala ta buluu tija ta mu labotale ya kusekondale, amalembedwa CuSO4·5H2O. Pa magalamu 250 a timiyalato, pafupifupi 90 ndi madzi.

Ndiye kuti mcherewo wangonyowa?

Ayi, ndipo maganizo amenewa amandidandaulitsa chifukwa sachoka m'mitu ya ophunzira. Mchere wa m'khitchini ukasiyidwa osavundikira nkhungu ya ku Tsangano itakuta, umachita chinyezi n'kumamata m'zala. Kumeneko ndiye kunyowa, madzi ali kunja. Madzi a copper sulphate ali m'kati mwa kamwala, m'malo mwake, ndipo kuchuluka kwake ndi kodziwika. Gwirani kamwalako, ndi kouma gwa. Katenthetseni mu test tube, muona timadontho tikuundana m'mbali mwa galasi, buluu uja akuzilala mpaka kutsala ufa woyera.

Nanga akathiridwa m'madzi, madzi ake aja amapita kuti?

Amangosakanikirana ndi enawo.

Palibenso china chooneka?

Chilipo, ndipo ine ndimachikonda kwambiri. Ikani thermometer m'kapu ya madzi, muthiremo ufa woyera uja: madzi afunda. M'kapu ina thirani timiyala ta buluu: madzi azizira pang'ono. Chifukwa chake ndi ichi: copper akamagwirana ndi madzi amatulutsa kutentha. Ufa woyera ukugwira madzi panopa, pomwe wa buluu anagwira kale, ndipo chomwe chatsala ndi kuphwasula kamwala, ntchito yomwe imatenga kutentha kuchokera m'madzimo.

Mlimi wa kachewere zikumukhudza bwanji?

Chiwawu, matenda a kachewere, chimakonda malo ozizira ndi achinyontho ngati kwathu kuno. M'zaka za m'ma 1880, Millardet wa ku France anaonetsa kuti copper sulphate wosakaniza ndi laimu amateteza mphesa ku matenda, ndipo mankhwalawo, otchedwa Bordeaux mixture, anayamba kupoperedwanso pa kachewere polimbana ndi chiwawu. Poyeza, dziwani mtundu wa copper sulphate womwe muli nawo, pakuti kilogalamu ya woyera ili ndi copper wambiri kuposa ya buluu. Madzi ozizira a mu June amasungunula mochedwa, choncho takasani mofatsa.

Ndowa iliyonse ingachite?

Ayi. M'ndowa yachitsulo copper amachoka m'madzi n'kumatirira m'mbali mofiirira, chitsulo chikudyeka, mankhwala akufooka. Alimi anzanga, sungunulirani m'ndowa ya pulasitiki, ndipo musatungirenso madzi akumwa.