Kusintha Oyilo wa Njinga Yamoto Pakhomo: Mmene Tingachotsere Zophimba za Pulasitiki Osathyola Kanthu

M'maparishi athu a kuno ku Machinga ndi ku Balaka, njinga yamoto ndiyo miyendo ya utumiki. Wansembe wochokera ku Namandanje, ku Nsanama kapena ku Mpiri akamapita kukatsogolera nsembe ya Misa ku tchalitchi cha kumudzi, katekisiti akamathamangira mwambo wa maliro cha ku nyanja ya Chiuta, kapenanso wodwala akamatengeredwa ku chipatala cha pa Ntaja usiku, kawirikawiri imene imasenza ntchitoyo ndi njinga yamoto. Akhristu athu ambiri, makamaka achinyamata, akudyetsanso mabanja awo ndi ntchito ya kabaza.

Koma mukaima pa Ntaja tsiku la msika n'kuyang'anitsitsa njinga zimene zikudutsa, mudzaona kuti zambiri zili ndi zophimba za m'mbali zong'aluka, zomangidwa ndi waya kapena malegeni, ndipo zina zilibiretu. Zophimba zimenezi, zimene amakaniko amazitcha makavala, sikuti zonse zinasweka pa ngozi ayi. Zambiri zinathyoka pakhomo pomwe, m'manja mwa mwini wake, tsiku limene iye anafuna kuichitira njinga zabwino posintha oyilo ndi kutsuka sefa ya mpweya. Kusintha oyilo n'kosavuta. Chimene chimafuna nzeru ndi kuleza mtima ndicho kuchotsa ndi kubwezera zophimbazi, ndipo nkhani ino ikufotokoza zimenezo.

Chifukwa chake oyilo sachedwa kutha mphamvu

Mu njinga zambiri zimene tili nazo kuno, monga za Honda, Yamaha, Bajaj, TVS, Lifo ndi Sanlg, oyilo mmodzi yemweyo amagwira ntchito zitatu: amafewetsa injini, amafewetsa magiya, ndiponso amanyowetsa kilatchi. Amathandizanso kuziziritsa injini, popeza njingazi zilibe madzi oziziritsira monga galimoto. Komatu oyilo yenseyo amangokhala pafupifupi lita imodzi. Ndiye ndi kutentha kwa mu Okutobala ndi Novembala, fumbi la m'misewu yathu ya dothi, ndi matope a nthawi ya dzinja, oyiloyo sachedwa kuda ndi kutha mphamvu.

Vuto la kunyalanyaza oyilo silinayambe lero. M'chaka cha 1974 akatswiri a kampani ya Honda anayendera maiko a kummwera chakummawa kwa Asia, ndipo anapeza kuti anthu ambiri ankayendetsa njinga zawo mpaka oyilo kusanduka ngati phala, osamusintha. N'chifukwa chake m'chaka cha 1975 anatulutsa njinga ya CG125, ya injini yopirira nkhanza zotere. Njinga zambiri zotsika mtengo zochokera ku China zinatengera kapangidwe ka injini imeneyo. Komabe ngakhale injini yopirira ili ndi malire ake. Buku la njinga yanu limanena makilomita oyenera kusinthira oyilo, ndipo woyenda m'fumbi tsiku ndi tsiku achita bwino kusintha makilomitawo asanakwane.

Yambani mwaona ngati kuchotsa n'kofunikadi

Musanagwire sipanala, gwadani pansi muyang'ane injini. Pa njinga zambiri za kabaza ndi za m'maparishi, bawuti yokhuthulira oyilo ndi chitsekero chothirira zili poyera, moti simufunika kuchotsa chophimba chilichonse kuti musinthe oyilo. Zophimba za m'mbali zimachotsedwa pofuna kufika pa sefa ya mpweya ndi pa batire, ndipo n'chanzeru kuona zimenezi tsiku lomwelo losinthira oyilo, chifukwa sefa yodzaza fumbi imadetsa oyilo watsopano msanga. Njinga zina zili ndi chitsulo kapena pulasitiki yotchinga injini kunsi kuti miyala isaimenye, ndipo imeneyo nthawi zambiri imayenera kuchoka. Njinga zing'onozing'ono zopondera pakati, komanso zikuluzikulu zothamanga kwambiri, ndizo zimakutidwa ndi pulasitiki pafupifupi thupi lonse. Lamulo ndi limodzi pa zonsezi: chotsani chokhacho chimene chikukutchingirani, zina zonse zisiyeni.

Mitundu ya zomangira ndi machotsedwe ake

Chophimba chimodzi chimatha kugwidwa ndi zomangira za mitundu itatu kapena inayi, zina zooneka, zina zobisika kuseri. Aliyense wofuna kugwira ntchitoyi ayenera kuzidziwa.

Mtundu woyamba ndi mabawuti ndi masikuluwu. Mabawuti ambiri a pa zophimba amafuna sipanala ya namba 8 kapena 10. Masikuluwu a mutu wa mtanda ndiwo amavutitsa anthu. Njinga za ku Japan zimagwiritsa ntchito masikuluwu a muyezo wa kwawo wotchedwa JIS, amene kawirikawiri amakhala ndi kadontho pamutu pake. Amafanana ndi a mtanda wamba a Phillips, koma sikuludalaiva wamba siikhazikika bwino m'menemo: imaterereka n'kudya mutu wa sikuluwu. Ngati mulibe yoyenera, sankhani imene ikulowa mothina, muikanikizire mkati ndi mphamvu, ndipo mupotoze pang'onopang'ono. Mukamva kuti yaterereka kamodzi, imani, musakakamize.

Mtundu wachiwiri ndi tizikhomo ta pulasitiki tokhala ndi kamsomali pakati. Kamsomaliko kakakhala m'malo mwake kamatambasula timiyendo ta kachikhomo kuseri kwa chophimba, ndiye kachikhomoko sikangatuluke. Pa tizikhomo tina, mumakankhira kamsomali mkati pang'ono chabe, mamilimita awiri kapena atatu, mpaka mutamva kuti thu, kenaka kachikhomo konse kamazuka mosavuta ndi chikhadabo. Mukakankha kwambiri, kamsomali kamagwera mkati mwa njinga n'kutayika. Pa tizikhomo tina ndi mosiyana: kamsomali kali ndi mutu wotambalala umene mumaunyamula ndi nsonga ya sikuludalaiva yaphanthiphanthi. Palinso tina timene kamsomali kake kali ndi mutu wa mtanda. Timeneti mumatimasula mopepuka osakanikiza, chifukwa mukakanikiza kamangozungulira pamodzimodzi. Yang'anitsitsani mutu wake musanakagwire, pakuti mutuwo ndiwo umakuuzani mtundu wake.

Mtundu wachitatu, umene uli pa zophimba za m'mbali za njinga zathu zambiri, ndi tinyanga ta pulasitiki totuluka kuseri kwa chophimba, tolowa m'timphira tobowola pakati tomwe tili pa chitsulo cha njinga. Apa ndi pamene zophimba zambiri zimafera. Munthu amagwira chophimba kumapeto n'kuchikoka mopendeka, kanyanga n'kuthyokera m'kamphira. Choyenera ndi kupisa zala kuseri kwa chophimba, pafupi penipeni ndi pamene pali kanyangako, n'kukoka molunjika kwa inu, kanyanga kamodzi pa nthawi imodzi. Ngati kamphira kauma, dontheziranipo madzi a sopo.

Mtundu wachinayi ndi tingowe tokolana pakati pa zophimba ziwiri, kapena pakati pa chophimba ndi thanki. Tingowe sitimakokedwa. Chophimba chimayenera kusendezedwa kaye kutsogolo, kumbuyo kapena m'mwamba kuti tikoleke. Dziwaninso kuti zophimba zimasanjikizana ngati malata a padenga: chapamwamba chimayamba kuchoka, ndipo pobwezera chimakhala chomaliza. Nthawi zina mpando uyenera kuchoka poyamba, ndipo zophimba zina zimatsegulidwa ndi kiyi wa njinga.

Pa zonsezi kumbukirani mawu a makolo athu akuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Chophimba chikakana kuchoka, ndiye kuti pali chomangira china chimene simunachione. Chifunefuneni kunsi, kuseri kwa mpando, kapena pansi pa kamphira. Pulasitiki imene yakhala padzuwa la kuno zaka zingapo imauma n'kukhala yosachedwa kusweka, choncho mphamvu imene inkapirira ili yatsopano, lero siingaipirire.

Kusunga zimene mwachotsa

Gwirani ntchito pamalo osesedwa bwino, ndipo yalani thumba kapena mkeka wakale pansi, chifukwa kachikhomo kakuda kakagwera m'dothi sikapezekanso. Ngati muli ndi foni yojambula, jambulani mbali iliyonse musanamasule. Tengani chikatoni, mujambulepo chithunzi cha chophimba, ndipo sikuluwu iliyonse muibaye pamalo ofanana ndi pamene yachokera. Thireyi ya mazira imathandizanso. Zimenezi si zachibwana ayi: masikuluwu amasiyana kutalika, ndipo yaitali ikalowa pamalo a yaifupi imatha kuboola pulasitiki kapena kukhudza mawaya. Zophimba zimene mwachotsa ziikeni pamthunzi, mbali ya penti ikuyang'ana kumwamba, kutali ndi ana ndi mbuzi. Ngati pa chophimba pali getsi, masulani polumikizira mawaya pogwira pulagi yake, osati pokoka waya.

Kusintha oyilo kwenikweniko

Lizani injini mphindi zitatu kapena zisanu kuti oyilo afunde, kenaka izimitseni. Samalani ndi paipi ya utsi chifukwa imaotcha. Imikani njinga mowongoka pamalo athyathyathya, tcherani beseni lakale kunsi, tsegulani chitsekero chothirira, ndipo masulani bawuti yokhuthulira ndi sipanala yokwana bwino. Pa injini za mtundu wa CG, chakumunsi kumanzere kuli chitsekero chachikulu cha sipanala ya namba 24, ndipo kuseri kwake kuli sipuling'i ndi kasefa ka waya. Onetsetsani mmene zakhalira musanazitulutse, tsukani kasefako ndi parafini, kaume, ndipo mukabwezere monga munakapezera. Mukapeza tizidutswa ta chitsulo pa kasefa, imeneyo si ntchito ya pakhomonso. Pitani kwa makaniko.

Oyilo akatha kudontha, pukutani bawuti, muone ngati washala yake ili bwino, ndipo yambani kuimanga ndi zala. Sipanala ibwere pomalizira pokha. Thupi la injini ndi la aluminiyamu, chitsulo chofewa, moti mukamanga mopyola muyezo mazinga amatha, ndipo kukonza kwake n'kodula kuposa mabotolo ambiri a oyilo.

Thirani oyilo wa njinga yamoto wolembedwa 4T, wa kulemera kumene buku la njinga likunena, monga 20W-50 kapena 10W-30. Pa botolo funani chizindikiro cha JASO MA kapena MA2. Muyezo umenewu unakhazikitsidwa ku Japan m'chaka cha 1998 pofuna kusiyanitsa oyilo woyenera njinga zimene kilatchi yake imakhala m'oyilo, popeza oyilo wina wa galimoto amachititsa kilatchi kuterereka. Pewani oyilo wopungulidwa m'mabotolo opanda chizindikiro. Mukathira, lizani injini pang'ono, izimitseni, dikirani mphindi ziwiri, ndipo yezani njinga ili chowongoka. Pa njinga za Honda ndi zofanana nazo, kandodo koyezera mumangokalowetsa osakapotoza. Oyilo akhale pakati pa mizere iwiri, osapitirira wapamwamba. Amene ali ndi njinga monga Yamaha DT125 kapena AG100 akumbukire kuti zimenezo zimagwiritsa ntchito oyilo wa 2T wothira m'kathanki kakekake, ndipo amene amakhuthulidwa kunsi ndi wa magiya okha.

Kubwezera zophimba

Musabwezere zophimba musanatsimikize kuti palibe pamene pakudontha. Yambani ndi tingowe, kenaka tinyanga, ndipo masikuluwu onse muwalowetse momasuka musanamange ngakhale imodzi, kuti chophimba chikhazikike chokha. Pa pulasitiki mangani mongokwanira. Kachikhomo ka pulasitiki kamayenera kukonzedwa kasanalowe: tulutsirani kamsomali kake kunja kuti timiyendo tifinyane, kalowetseni pabowo, kenaka kankhani kamsomali mpaka kalingane ndi mutu. Kachikhomo kothyoka kapena kamphira kong'ambika n'zotsika mtengo, ndipo mungazifunse m'masitolo ogulitsa zipangizo za njinga pa Ntaja, ku Liwonde kapena ku Balaka. Tengani chakalecho kuti akakupatseni chofanana nacho. Musayende opanda chophimba cha m'mbali, pakuti ndicho chimateteza sefa ya mpweya, batire ndi mawaya ku fumbi ndi mvula.

Oyilo wakale apite kuti?

Oyilo wakuda ndi poizoni. Musamutaye m'munda, m'ngalande, kapena pafupi ndi chitsime ndi mjigo, chifukwa wochepa chabe amaononga madzi ambiri, ndipo madzi a m'dera lathu amathera m'madambo ndi m'nyanja za Chiuta ndi Chilwa mmene timapezamo nsomba ndi mpunga. Musamupake pa bala la munthu kapena la chiweto, ndipo mukatha ntchito sambani m'manja ndi sopo. Muthireni m'chigubu chotseka bwino, chosafanana ndi cha zakumwa, muchiike posafika ana, ndipo mukachipereke ku galaja imene imasonkhanitsa oyilo wotere. M'kalata yake ya Laudato Si' ya m'chaka cha 2015, Papa Francis anatikumbutsa kuti kusamalira chilengedwe ndi mbali ya chikhristu chathu, ndipo chisamaliro chimenecho chimayambira pa zinthu zazing'ono ngati izi.

Pempho kwa akatekisiti ndi makomiti a matchalitchi

Njinga zambiri za utumiki zinagulidwa ndi zopereka za Akhristu kapena ndi thandizo la abale akufuna kwabwino. Si za munthu mmodzi, ndipo woiyendetsa ndi kapitawo chabe. Choncho njinga iliyonse ikhale ndi kope lolembamo tsiku losinthira oyilo, makilomita ake, ndi mtundu wa oyilo amene wathiridwa, ndipo komiti iziika padera ndalama ya ntchitoyi. Ngati njinga ndi yatsopano ndipo ikadali pa chitsimikizo cha ogulitsa, funsani kaye Abambo Mfumu musanaimasule. Amene simunagwirepo ntchitoyi, pemphani makaniko wodziwa kapena Mkhristu mnzanu wa kabaza kuti akuonetseni ulendo woyamba, pakuti safunsa anadya phula. Ola limodzi logwira modekha Loweruka masana lingachititse kuti Lamulungu m'mawa Akhristu a ku tchalitchi chakutali asadikire pachabe.