Kodi mumadziwa? Loko wa foni yanu, chikwangwani cha malonda anu

Mukayenda m'mbali mwa msewu wa Alick Nkhata ku Kalingalinga, maso amakumana ndi mageti achitsulo, mafelemu a zitseko ndi zitsulo zotchingira mawindo, zonse zitatsamira khoma kudikira wogula. Nyumba zambiri za mu Lusaka zimagona mtima uli m'malo chifukwa cha manja a owotcherera a m'komboni muno. Koma ndalama za masiku ano zimagona m'foni, ndipo palibe wowotcherera amene angaiikire geti. Lero tikambe za loko wake, kenaka za chikwangwani chimene chingaitane ogula kudzera pa intaneti.

Kodi mumadziwa kuti intaneti ya dziko la Zambia inayambira pafupi ndi khomo lathu? M'chaka cha 1994, akatswiri a makompyuta pa yunivesite ya UNZA, imene imachita malire ndi Kalingalinga, anakhazikitsa kampani ya ZamNet. Zambia inakhala limodzi mwa mayiko oyambirira kummwera kwa chipululu cha Sahara kulumikizidwa mokwanira ku intaneti. Nthawi imeneyo Google kunalibe, pakuti inadzayamba mu 1998, ndipo Facebook inabwera mu 2004.

Kodi mumadziwa kuti wogwira ntchito ku Airtel, MTN kapena Zamtel alibe chifukwa chokufunsani PIN yanu? Ngakhale mtsikana wa pabuuthi amene mumatapapo ndalama tsiku ndi tsiku sayenera kuidziwa. Iye amayambitsa ntchitoyo pa foni yake, inu n'kulemba nokha PIN pa foni yanu. Aliyense woimba foni n'kunena kuti ali ku likulu la kampani ndipo akufuna PIN kuti akonze akaunti yanu ndi wakuba, ngakhale atalankhula mwaulemu chotani. Ndipo PIN isakhale chaka chimene munabadwa, chifukwa chakacho chinalembedwa pa chiphaso chanu cha NRC, chomwe nthawi zambiri chimakhala m'chikwama chimodzi ndi foniyo.

Kodi mumadziwa kuti uthenga wooneka ngati wa kampani ya foni ungalembedwe ndi munthu wamba? Azakhali anga anaona zimenezi chaka chatha. Kunabwera uthenga wonena kuti alandira ndalama, ndipo pasanathe mphindi ziwiri foni inalira. Mnyamata wa mawu achisoni anati, "Amayi, pepani, ndalakwitsa nambala, ndalamazo ndi za mankhwala a mwana, chonde ndibwezereni." Azakhali ndi munthu wachifundo, moti anatumiza pomwepo. Madzulo pofuna kugula makala ndi pamene anazindikira kuti palibe ndalama imene inalowa, zimene anatumizazo zinali zawo zomwe. Zinandipweteka kwambiri, chifukwa chimene wakubayo anagwiritsa ntchito ndi mtima wawo wabwino. Musanabweze kalikonse, yambani mwaona ndalama zimene zili mu akaunti. Ngati munthu walakwitsadi, kampani ili ndi njira yake yobwezera, ndipo muuzeni aimbe kumeneko.

Kodi mumadziwa kuti nambala ya wakuba ili ndi kokaineneza? Bungwe la ZICTA, lomwe limayang'anira za mafoni ndi intaneti m'dziko muno, linakhazikitsa *707# kuti anthu azinena manambala amene akuwatumizira mauthenga achinyengo. Ambiri timangofufuta uthengawo n'kupitiriza zathu, wakubayo n'kukapeza gogo wa ku Mtendere amene sanachenjezedwe.

Nanga *101#? Imeneyi imakuthandizani kuona zimene zinalembedwa pa simu yanu. Simu iliyonse imalembetsedwa pa chiphaso cha munthu monga NRC, ndipo simu yolembetsedwa m'dzina lanu ikabera munthu, apolisi amayamba kugogoda pa khomo lanu. Choncho musabwereke mnzanu NRC yanu kuti akagulire simu, ndipo chithunzi chake musamachitumize m'magulu a WhatsApp ofunira ntchito.

Kodi mumadziwa kuti gulu lalikulu la akuba a pa intaneti linagwidwa mu Lusaka momwe muno? Mu April 2024, a Drug Enforcement Commission pamodzi ndi apolisi ndi nthambi zina za boma analowa m'nyumba ina ku Roma, kumene kunkagwira ntchito kampani yotchedwa Golden Top Support Services. Anagwira anthu 77, ndipo anapeza masimu oposa 13,000. Mu June chaka chomwecho, khoti linalamula nzika 22 za dziko la China kukakhala kundende zaka za pakati pa 7 ndi 11. Chimene chimandikhudza pa nkhaniyi ndi achinyamata a ku Zambia amene analembedwa ntchito kumeneko, ambiri a zaka za pakati pa 20 ndi 25. Iwo anauzidwa kuti ndi ntchito yoyankha mafoni, kenaka n'kupatsidwa mawu olembedwa kale oti azicheza nawo ndi anthu pa WhatsApp ndi Telegram. Anthu obedwawo ena anali kutali, ku Singapore, ku Peru ndi ku United Arab Emirates. Achinyamata athu, ntchito ndi yosowa, tonse tikudziwa. Koma ngati abwana akukupatsani dzina lomwe si lanu ndi chithunzi chomwe si chanu kuti muzilankhula ndi alendo, chokanipo tsiku lomwelo.

Kodi mumadziwa kuti WhatsApp yanu ingabedwe foni ili m'manja mwanu? Wakuba amalemba nambala yanu pa foni yake, WhatsApp n'kutumiza manambala 6 kwa inu. Kenaka amakulemberani, nthawi zambiri kudzera pa akaunti ya mnzanu imene waiba kale, kuti mumutumizire manambalawo chifukwa abwera kwa inu molakwika. Mukangotumiza, akaunti yapita, ndipo amayamba kupempha ndalama kwa abale anu ndi anzanu a kutchalitchi m'dzina lanu. Mankhwala ake ndi aulere: kuyambira 2017 WhatsApp ili ndi loko wachiwiri wotchedwa two-step verification, pamene mumasankha nokha PIN ya manambala 6. Kumuika sikutenga mphindi zitatu.

Kuyambira mu April 2016, mauthenga a pa WhatsApp amayenda atabisidwa, moti kampani ya foni singawawerenge panjira. Koma kubisako kumathera pa foni ya wolandira. Iye angathe kujambula uthengawo n'kuutumiza kwa anthu 100. Chithunzi chimene simungafune kuti apongozi anu achione, musachitumize kwa aliyense.

Kodi mumadziwa kuti ngakhale Bank of Zambia inalowereredwa? Mu May 2022, gulu lotchedwa Hive linasokoneza makompyuta ena a bankiyi ndi pulogalamu imene imatseka mafayilo kuti mwini wake alipire dipo. Bankiyo inakana kulipira ndipo inabwezeretsa ntchito zake. Mu January 2023, apolisi a FBI ku America pamodzi ndi anzawo a ku Ulaya analanda makompyuta a gululi. Dipo lotere limagwira amene alibe kope lina la zinthu zake. Inu amene mumalemba ngongole za makasitomala m'foni mokha, lembaninso m'kabuku.

Mawu achinsinsi amene amapezeka kwambiri akuba akaulutsa zimene aba ndi 123456. Chaka ndi chaka amakhala pamwamba kapena pafupi ndi pamwamba. Mawu anayi a Chinyanja osagwirizana, olumikizidwa pamodzi, ndi ovuta kuwaganizira kuposa dzina la mwana wanu woyamba. Ndipo Facebook, imelo ndi banki zisakhale ndi kiyi mmodzi.

Kodi mumadziwa kuti Incognito sikubisani kwa aliyense wa kunja? Imangochititsa kuti foni kapena kompyuta isasunge mndandanda wa masamba amene mwatsegula. Mwini Wi-Fi, kampani ya foni ndi tsamba lomwe mwalowalo amaonabe kuti munafika. Chimodzimodzi adiresi yoyamba ndi https: imatanthauza kuti zimene mukulemba zikuyenda zobisika, koma sinena kuti mwini tsambalo ndi wokhulupirika. Masamba ambiri achinyengo nawonso ali nayo. Werengani dzina la tsamba chilembo ndi chilembo musanalembe PIN kapena nambala ya khadi.

Kodi mumadziwa chimene mapulogalamu ena a ngongole zapompopompo amafunira mndandanda wa manambala a m'foni mwanu? Mukachedwa kubweza, amalembera abusa anu, abwana anu ndi alamu anu kuti akuchititseni manyazi. Pulogalamu ya tochi kapena ya masewera ilibenso chifukwa chopemphera zithunzi ndi mauthenga anu. Ikapempha, kanani.

Imbani *#06# tsopano lino. Manambala 15 amene atulukewo ndi IMEI, chizindikiro cha foni yanu chomwe sichisintha ngakhale wina ataikamo simu ina. Alembeni pa pepala n'kusunga kunyumba, chifukwa foni ikasowa mu basi ya ku tauni, apolisi adzawafunsa.

Kodi mumadziwa kuti pali lamulo loteteza mbiri yanu? Data Protection Act ya 2021 imati amene akutenga dzina lanu, nambala yanu kapena za umoyo wanu akuuzeni chimene akuzifunira, ndipo asazigwiritse ntchito ina yosagwirizana ndi imeneyo. Chaka chomwecho kunabweranso Cyber Security and Cyber Crimes Act, imene Pulezidenti Edgar Lungu anasaina. Mu April 2025 Pulezidenti Hakainde Hichilema anasaina malamulo awiri olowa m'malo mwake, Cyber Security Act ndi Cyber Crimes Act. Boma linati malamulowa ndi olimbana ndi akuba ndi ozunza anzawo pa intaneti, pamene bungwe la maloya la Law Association of Zambia ndi mabungwe ena anadandaula kuti akupereka mphamvu zochuluka zomvetsera mauthenga a anthu. Ine ndikuona kuti nzika iliyonse ili ndi ufulu wofuna zonse ziwiri, kutetezedwa kwa wakuba ndiponso kusamvetseredwa popanda chifukwa chomveka. Tisaiwale kuti pa 12 August 2021, tsiku la chisankho, WhatsApp, Facebook ndi Twitter zinatsekedwa m'dziko muno, mpaka bungwe la Chapter One Foundation linapita ku khoti lalikulu, lomwe linalamula kuti zitsegulidwe.

Zonsezi ndi zobisa. Tsopano tibwerere kwa owotcherera ndi akalipentala athu, pakuti iwo ali ndi zinthu zofunika kuonetsa.

Kodi mumadziwa kuti munthu wa ku Kabulonga kapena ku Chalala amene akufuna geti amayamba wafunsa foni yake asanalize galimoto? Amalemba mawu awiri kapena atatu pa Google, n'kuimbira amene waonekera pamwamba. Luso lochititsa kuti tsamba lanu lizipezeka msanga pa kufufuza kotere ndi limene amalitcha SEO. Google ili ndi mapulogalamu amene amayendayenda pa intaneti usana ndi usiku, kuwerenga masamba n'kusunga mawu ake m'kaundula wamkulu. Wina akafufuza, imayang'ana m'kaundulamo masamba amene ali ndi mawu ofanana ndi funso lake, imaona ngati masamba ena amalozako, ndiponso ngati malowo ali pafupi ndi wofunsayo. Ganizo lowerenga masamba olozako ndi limene Larry Page ndi Sergey Brin anayamba nalo ali ophunzira pa yunivesite ya Stanford. N'chimodzimodzi ndi m'komboni: mmisiri amene anthu ambiri amakulozerani ndi amene mumapitako.

Apa ndi pamene amalonda athu ambiri amataya mwayi. Tsamba la pa Facebook amalipatsa dzina lokongola la m'Baibulo, zithunzi amaikapo zambiri, koma palibe pamene palembedwa kuti amapanga mageti, mabedi kapena masofa, ndipo palibe mawu akuti Kalingalinga kapena Lusaka. Makina ofufuzira amadalira kwambiri mawu. Lembani chimene mumapanga, m'mawu amene wogula angalembe, m'Chingerezi ndi m'Chinyanja momwe. Lembani komboni yanu, msewu wapafupi, kaya ndi Alick Nkhata kaya ndi Kamloops, nthawi yotsegula ndi nambala ya malonda. Nambalayo ikhale imodzimodzi paliponse pamene mwailemba, ndipo ngati n'kotheka ikhale yosiyana ndi imene mumasungiramo ndalama za pakhomo.

Kodi mumadziwa kuti kuika shopu yanu pa Google Maps ndi kwaulere? Mumalembetsa pa Google Business Profile, n'kuika chizindikiro pamalo enieni pamene pali shopuyo. Kwa ife amene adiresi yathu ndi "kuseri kwa msika, pafupi ndi mpopi", chimenechi ndi chithandizo chachikulu. Kasitomala akakondwa ndi geti lake, mupempheni alembepo mawu ochepa. Ndemanga zogula kapena zolembedwa ndi abale zisiyeni, chifukwa Google imaziletsa ndipo imazichotsa ikazizindikira.

Zotsatira zolembedwa kuti Sponsored ndi zotsatsa, mwini wake walipira kuti zikhale pamenepo. Kukhala pamwamba sikutanthauza kuti ndi zoona, ndipo akuba nawonso amagula malo amenewa n'kuikapo manambala abodza a makampani. Nambala ya banki yanu itengeni kuseri kwa khadi lanu. Komanso wina akabwera ku shopu n'kulonjeza kuti mukamulipira akuikani pa nambala 1 sabata yomweyo, dziwani kuti Google imanena yokha kuti palibe munthu amene angalonjeze malo amenewo.

Kodi mumadziwa kuti Chichewa chinalowa mu Google Translate mu December 2014? Komabe masamba olembedwa m'chilankhulo chathu akadali ochepa kwambiri, moti amene walemba bwino za ntchito yake m'Chinyanja sapikisana ndi anthu ambiri.

Owerenga okondedwa, madzulo ano mukamaliza kudya, tengani foni ya amayi kapena ya agogo, muwaikire loko wachiwiri wa WhatsApp, ndipo muwafotokozere za mnyamata wa mawu achisoni uja asanawaimbire.