Asungwana Asanu Ayesedwa Pamaso pa Anthu

Gulu loyimba la Girls Aloud linabadwa m'chaka cha 2002 pa mpikisano wa pa wailesi yakanema ku Britain wotchedwa Popstars: The Rivals. Ambiri anati kutchuka kotereku ndi moto wa mapesi, ndipo gulu la anyamata lobadwira pa mpikisano womwewo, One True Voice, linathadi mu 2003.

Koma asungwana asanuwa sanapupulume. Anadikira kufikira mwezi wa Meyi 2005, atatulutsa chimbale chawo chachiwiri, What Will the Neighbours Say?, ndipo anayendera mizinda ya dzikolo, nayimba m'nyumba za zisudzo zocheperapo. M'malo otere woyimba alibe pobisala: liwu likaterereka, aliyense amamva. Anthu anakhutira, kotero kuti mu 2006 asungwanawa anayimba m'mabwalo akuluakulu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.