Mtsikana asavulidwe chifukwa cha zigoli

Mu 2021 Tabitha Chawinga adaulula kuti ali ndi zaka 13 adamukakamiza kuvula pampira, ati atsimikize ngati ndi mtsikanadi. Mu 2022 Barbra Banda wa ku Zambia sadasewere nawo WAFCON ku Morocco kaamba ka malamulo oyeza testosterone, homoni imene mkazi aliyense ali nayo, kungoti mwa ena imachuluka mwachibadwa.

Kwathu kuno kwa Mphuka, pamabwalo apakati pa minda ya tiyi, palibe zoyeza. Amaweruza ndi maso a anthu. Mtsikana akangothamanga kuposa anzake, ndimamva: "Ameneyu ndi mphongo!" Wina wajambula kale, waponya pa WhatsApp. Sabata yamawa mwanayo sabweranso.

Ine ndikuti, ngati pali chikaiko, chithere kwa dokotala, mwachinsinsi, makolo alipo. Pagulu ayi. Tikapanda kutero, a Tabitha amawa tiwathamangitsa tokha.