CHITSEKO CHA GALASI NDI CHIPUKUTA MISOZI CHA MLENDO

Anthu ambiri a ku Ulaya akafuna kukapuma kudziko lina sadzivutitsa ndi kufunafuna okha ndege, hotela ndi chakudya. Amapita kukampani yokonza maulendo, nalipira mtengo umodzi, ndipo kampaniyo imaŵakonzera zonse. Komatu hotelayo si ya kampani ayi. Mwini wake ali kutsidya kwa nyanja, ndipo amatsata malamulo a dziko lake. Tsono mlendo akavulala m'hotelamo, nabwerera kwawo ndi zipsera, adzagwira yani? Milandu iŵiri ya ku England, yonse yokhudza chitseko cha galasi, ikuunikira bwino nkhaniyi.

Woyamba ndi mlandu wa Wilson ndi kampani ya Best Travel, umene udaloŵa m'mabuku a zamalamulo mu 1993. Bambo wina adakapuma pachilumba cha Kos ku Greece. Ali m'hotela adaphunthwa nagwera pachitseko cha galasi, ndipo galasilo lidasweka ndi kumucheka koopsa. Kwawo ku Britain pamalo otere pakadakhala galasi lolimba, koma malamulo a ku Greece sadalamule zimenezo. Woŵeruza Phillips adagamula kuti kampani idalibe mlandu, pakuti udindo wake udali kuonetsetsa kuti hotela ikutsata malamulo a dziko limene ili, osati a kwawo kwa mlendo. Adangosiya kampata kamodzi: ngati chosoŵacho nchachikulu kotero kuti munthu wanzeru atachidziŵa akadakana kupita, kampani singathaŵire kumalamulo a eni dziko. Bamboyo adabwerera chimanjamanja.

Ngozi ya ku Kos idachitika lamulo latsopano lisanabwere. Mu 1992 dziko la Britain, potsatira lamulo la maiko a ku Ulaya la 1990, lidakhazikitsa kuti wokonza ulendo ndiye aziyankha mlandu ngakhale wolakwa atakhala mwini hotela kapena wonyamula alendo. Lamuloli lidaloŵedwa m'malo ndi lina mu 2018, koma mfundoyo idakalipo. Uku kudali kupepuza mtolo wa mlendo, chifukwa tsopano amasumira yemwe adalandira ndalama zake, m'khoti la kwawo, m'chiyankhulo chake. Chimene sichidasinthe ndi muyeso woyezera kulakwa.

Izi zidaoneka pamlandu wachiŵiri, wa Japp ndi kampani ya Virgin Holidays. Mu 2008 mayi wina adali kuŵerenga buku pakhonde la chipinda chake m'hotela ina ku Barbados. Lamya italira m'chipindamo, adanyamuka kuti akayankhe, osazindikira kuti chitseko cha galasi chidali chotseka. Adachiwomba, galasi nkuphwanyika ndi kumutema m'thupi. Ngozi yake idafanana ndi ya ku Kos ija, koma mayiyu adapambana, ndipo mu 2013 khoti la apilo lidakana dandaulo la kampani. Chifukwa chake nchakuti ku Barbados kudali buku la malangizo a zomangamanga la 1993 lonena kuti pamalo otere paziikidwa galasi lolimba, ndipo zitsekozo zidaikidwa bukulo litatuluka kale. Khoti lidatinso muyeso woyenera ndi wa nthaŵi imene nyumba idamangidwa, osati wa tsiku la ngozi. Ngakhale zidali choncho, chipukuta misozi chidachepetsedwa ndi magawo 20 pa 100, popeza mayiyo nayenso sadapenye kumene amapita.

Anthu aŵiri ochekedwa ndi galasi, wina kulandira ndalama, wina ayi: kwa munthu wamba izi nzovuta kuzimvetsa, pakuti bala silidziŵa malire a maiko. Oŵeruza amati kampani ya ku London singakakamize dziko lililonse kumanga monga amamangira ku London. Mfundoyi njomveka, koma katundu wake amagwera wovulala. Iyeyo ndiye ayenera kupeza katswiri wodziŵa malamulo ndi chizoloŵezi cha dziko lachilendolo, ndipo katswiri sabwera ulele.

Mayi wina adaterereka pamadzi amene adali pamakwerero a hotela ku Spain, navulala. Khoti loyamba lidamupatsa chipukuta misozi, koma mu 2014, pamlandu wa Lougheed ndi kampani ya On The Beach, khoti la apilo lidafafaniza chigamulocho. Padalibe umboni wokwanira wosonyeza mmene mahotela a ku Spain amayenera kusamalira pansi pamene pamayenda alendo.